Kashiamu wa m'Magazi ndi Chibayo Choopsa

Msodzi wa ku Msaka kapena wa ku Makawa sayembekeza kuti mafunde alowe m'bwato mwake ndipo adziwe kuti nyanja yaipa. Iye ayang'ana mitambo, amva mphepo ya mwera ikuyamba kuwomba, napalasa kubwerera kumtunda nthawi ikadalipo. Mtambo sumiza bwato ayi, komabe msodzi amene aunyoza ndi wopusa. Madotolo nawonso ali ndi mitambo yawo imene ayang'ana pamene wodwala chibayo afika pachipatala ali wefuwefu, ndipo umodzi wa mitamboyo ndiwo kuchepa kwa kashiamu m'magazi. Miliri ya zaka zapitazi idaonetsa kuti mwa odwala chibayo chobwera ndi mavairasi, iwo amene kashiamu wawo atsika kwambiri ndiwo kawirikawiri agonekedwa nthawi yaitali, asowa mpweya wa okosijeni, ndipo ambiri a iwo satuluka amoyo. Nkhaniyi iyenera kumveka bwino, pakuti womva theka lake athamangira kusitolo kukagula mapiritsi m'malo mothamangira kuchipatala.

1. Kashiamu nchiyani?

Kashiamu ndi umodzi wa michere ya m'thupi. Dzina lake lidachokera ku liwu la Chilatini lakuti calx, ndiye kuti laimu kapena njereza, pakuti ndi m'laimu mmene Mngelezi wina, Humphry Davy, adampatula poyamba m'chaka cha 1808. Yemweyo ndiye alimbitsa chigoba cha nkhono, chigoba cha dzira ndi minga ya nsomba.

Munthu wamkulu asenza m'thupi mwake kashiamu wolemera ngati kilogalamu imodzi. Pa magawo 100 a kashiamu ameneyu, 99 ali m'mafupa ndi m'mano. Woyenda m'magazi ndi wochepa ndithu, wosakwana ngakhale galamu imodzi. Koma kakang'onoko ndiko kagwira moyo. Popanda iko mnofu sungakokane ndi kumasuka, mitsempha singatumize mauthenga ake molongosoka, magazi sangaundane pabala, ndipo mtima sungagunde.

Za mtimazi zidadziwika mwangozi. Ku London kudali dotolo wina, Sydney Ringer, amene ankasunga mtima wa chule m'madzi amchere kuti aone zimene ziugunditsa. Tsiku lina adazindikira kuti womthandiza wake, m'malo mothira madzi otcheza amene alibe kanthu kena m'kati, ankangotunga a pampopi. Mtima wa chulewo unkagunda maola ambiri m'madzi a pampopiwo, koma atauika m'madzi otcheza udafooka msanga nuleka. Ringer adafunafuna chimene chidali m'madzi a pampopi, nachipeza: adali kashiamu. Adalengeza zimenezi mu 1883. Kufikira lero, wodwazika matenda amene ayang'anitsitsa mabotolo a diripi m'zipatala za m'Malawi angathe kuwerenga dzina la Ringer pa ena a iwo.

2. Nkhokwe ndi akapitawo ake

Popeza kashiamu wa m'magazi ndi wofunika chotere, thupi limsunga pamuyeso wake mosamala kopambana. Mwa munthu wamkulu wabwinobwino, lita imodzi ya madzi a m'magazi ikhala ndi kashiamu wa pakati pa mamilimolo 2.2 ndi 2.6, malinga ndi muyeso wa kulabotale. Munthu adye kwambiri kapena agone ndi njala, muyesowu susintha kwenikweni.

Osunga muyesowu ndi timinofu tinayi, kalikonse kukula kwake ngati kambewu ka mpunga, tobisika m'khosi kumbuyo kwa chithokomiro. Madotolo atitcha parathyroid, ndipo amene adatilongosola bwino mwa munthu ndi Ivar Sandström wa ku Uppsala, m'dziko la Sweden, mu 1880. Timinofuti tili ngati akapitawo a pankhokwe, ndipo nkhokweyo ndi mafupa. Kashiamu akangoyamba kuchepa m'magazi, ito titulutsa madzi ake otchedwa homoni, amene apereka malamulo atatu. Kwa mafupa: tapani pang'ono m'nkhokwe. Kwa impso: musataye kashiamu m'mkodzo. Kwa impso zomwezo kachiwiri: dzutsani vitamini D, kuti matumbo atenge kashiamu wambiri m'chakudya. Vitamini D ameneyu apangidwa m'khungu pamene dzuwa liliwomba. Palinso mchere wina, maginiziyamu, umene ukasowa akapitawo aja agona tulo, malamulo awo osamveka.

Apa pali phunziro lalikulu. Munthu angathe kudya moperewera zaka zambiri, koma magazi ake poyezedwa naoneka abwino, chifukwa akapitawo akhala akutapa m'nkhokwe mwakachetechete. Tsono ngati dotolo apeza kashiamu atatsika m'magazi, adziwa kuti kanthu kena kapambana mphamvu za akapitawowo.

Chinanso ndi ichi. Kashiamu wa m'magazi ali pawiri. Pafupifupi theka lake ndi womangidwa, makamaka ku puloteni yotchedwa alubumini, monga chimanga chosokereredwa m'thumba. Theka linalo ndi womasuka, monga ufa wa m'lichero woti uphikidwe lero, ndipo ameneyu ndiye agwira ntchito. Muyeso wake uli pakati pa 1.1 ndi 1.3. Munthu wowonda ndi njala, ndi chifuwa chachikulu kapena ndi Edzi akhala ndi alubumini wochepa, motero kashiamu wake yense aoneka wotsika ngakhale womasukayo ali wokwanira. Nchifukwa chake dotolo wochenjera aona manambala awiriwo pamodzi asanaweruze.

3. Zimene miliri idaonetsa

Kumapeto kwa 2002 kudabuka ku China mliri wa SARS, chibayo chobwera ndi kachilombo ka mtundu wa korona, ndipo mu 2003 udafika ku Toronto m'dziko la Canada. Madotolo a kumeneko adalemba za odwala 144, napeza kuti 6 mwa 10 alionse adafika kuchipatala kashiamu wawo ali wotsika. Nkhaniyo sidamveke patali, pakuti mliriwo udazilala msanga.

Mu Disembala 2019 mbale wake wa kachilombo kaja adaonekera ku Wuhan, nabala matenda a COVID-19. M'miyezi yoyamba ya 2020 madotolo a ku Italy adalemba za mayi wina wa zaka 72, amene kale adachotsedwa chithokomiro, ndipo atagwidwa ndi matendawa kashiamu wake adatsika moopsa. Zimenezi zidatsekula maso a anzawo. Pachipatala cha San Raffaele mumzinda wa Milan adayeza kashiamu womasuka wa odwala oposa 500 pofika pakhomo, napeza kuti pafupifupi 8 mwa 10 alionse adali naye wochepa, ndiponso kuti oterewo ndiwo ankagonekedwa kawirikawiri kuposa anzawo. Ku China kafukufuku wina wa odwala 241 adapeza atatu mwa anayi alionse ali ndi kashiamu wotsika, ndipo amene adatsikitsitsa ndiwo ziwalo zawo zinkafooka ndi kumwalira kwambiri. Pambuyo pake akatswiri adaphatikiza zopeza za maiko ambiri, ndipo mawu ake adali amodzimodzi: kashiamu akatsika, matenda ndi olemera.

Mliriwu sudalambalale Malawi. Odwala atatu oyamba adalengezedwa pa 2 Epulo 2020. Mu Meyi chaka chomwecho mabasi adayamba kubweza anthu ochokera ku Joni kudzera pachipata cha Mwanza, ndipo midzi ya ku Mangochi, kumene mabanja ambiri ali ndi mwana kapena bambo ku South Africa, idalandira ana ake ndi chimwemwe chosakaniza ndi mantha. Nthawi yowawitsa idali Januwale 2021. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti dziko lili pangozi. Katemera woyamba adafika mu Malichi 2021. Pamene bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti nyengo ya ngozi yadzidzidzi yatha, Malawi adali ataika m'manda anthu oposa 2,600 owerengedwa m'mabuku a boma.

Ngoziyo idapita, koma tizilombo ta m'mapapo sitidasamuke. Fuluwenza, amene adapululutsa anthu m'Nyasaland kumapeto kwa 1918, akadabwerabe chaka ndi chaka, korona akadayendabe, ndipo palinso kachilombo kotchedwa RSV kamene kazunza makanda. Thupi la munthu wa ku Milan ndi la munthu wa ku Makanjira lidaumbidwa mofanana. Zimene zidaoneka uko ndi phunziro kunonso.

4. Atsikiranji?

Zifukwa zake ndi zingapo, ndipo mwa wodwala mmodzi zikumana nthawi imodzi.

Choyamba ndi kupuma kwa wefuwefu. Munthu wobanika apuma mofulumira, natulutsa mpweya woipa wambiri koposa muyeso. Zikatero magazi asintha mkhalidwe wake, ndipo alubumini agwira kashiamu wochuluka. Ufa wa m'lichero ubwezedwa m'thumba, thumba nkusokedwa. Kashiamu alipo ndithu m'magazimo, koma womasuka wachepa.

Chachiwiri ndi nkhondo ya thupi lomwe. Polimbana ndi kachilombo, thupi litulutsa mankhwala ake otupitsa ndi otenthetsa. Akachuluka, asokoneza akapitawo a m'khosi aja kuti asalamule mokwanira, ndipo mafupa ndi impso zimva malamulowo mwaulesi.

Chachitatu ndi kusadya ndi kutsekula m'mimba. Wodwala masiku asanu kapena asanu ndi awiri osalawa kanthu salandira kashiamu watsopano, ndipo kutsekula kumtayitsa maginiziyamu.

Chachinayi ndi kuchepa kwa vitamini D kumene munthu adali nako asanadwale. Wina angaseke nati: kodi ku Mangochi, kumene dzuwa liotcha ngati moto, munthu angasowe vitamini wa dzuwa? Koma kafukufuku wophatikiza maiko ambiri a mu Africa, wofalitsidwa mu 2020, adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ali naye wochepa. Nkhalamba yosatuluka m'nyumba, wodwala wogona chigonere, wogwira ntchito m'chipinda tsiku lonse, khanda lobisidwa kumdima miyezi yambiri, onsewa dzuwa liwapitirira padenga.

Chachisanu ndi impso ndi chiwindi. Ziwalo ziwirizi ndizo zikonza vitamini D kuti agwire ntchito, ndipo matenda olemera azifooketsa. Amene adali kale ndi nthenda ya impso kapena ya shuga ayamba ulendowu ali wolema.

5. Mthenga kapena mbanda?

Funso lofunika koposa onse ndi ili: kodi kashiamu wotsikayo ndiye apha wodwala, kapena angobweretsa uthenga wakuti matenda akula? Owerenga asamale pano, pakuti zinthu ziwiri zikayendera limodzi sindiye kuti china chabala chinzake. Akakowa atsata ng'ombe kudambo, koma si akakowa amene aweta ng'ombezo.

Yankho lake lili pawiri. Kashiamu akatsikitsitsa, iye mwini ndi ngozi. Mtima ugunda mosokonezeka, mphamvu yake yopopa magazi ichepa, minofu ya pakhosi ingathe kukokana nitseka njira ya mpweya, munthu angathe kugwa ngati wakhunyu. Wotereyu madotolo amthira kashiamu m'mtsempha, pang'onopang'ono ndi moyang'anira, pakuti wothiridwa mofulumira asokonezanso mtima womwewo. Ngati maginiziyamu wasowa, ambwezera iyenso, chifukwa popanda iye kashiamu sakwera.

Koma mwa odwala ambiri kashiamu atsika pang'ono chabe, ndipo matenda akayamba kutha akwera yekha. Mwa oterewa iye ali mthenga. Akatswiri a bungwe la Cochrane, amene ntchito yawo ndi kusanthula kafukufuku yense wa nkhani imodzi, adaona mu 2008 kuti padalibe umboni wakuti kuthira kashiamu odwala akayakaya kuchepetsa imfa. Ku São Paulo m'dziko la Brazil, odwala COVID-19 okwana 240 adagawidwa pawiri: ena adamwetsedwa vitamini D wambiri kamodzi, ena mankhwala opanda kanthu. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu Febuluwale 2021, zidaonetsa kuti magulu awiriwo adakhala m'chipatala masiku ofanana.

Nanga chidapulumutsa anthu nchiyani? Choyamba mpweya wa okosijeni, woperekedwa nthawi yake. Chachiwiri mankhwala otsika mtengo otchedwa dexamethasone, amene kafukufuku wamkulu wa ku Britain adaonetsa mu Juni 2020 kuti pa imfa zitatu zilizonse za odwala opumira makina aletsa imodzi, ndi pa imfa zisanu za olandira okosijeni aletsa imodzi. Chachitatu katemera, amene adachepetsa chiwerengero cha ofika pa kayakaya.

Tsono phindu la mthengayu lili pati? Lili pa kusankha. Usiku umene odwala khumi afika pamodzi, mabedi a okosijeni ali atatu, dotolo ayenera kudziwa amene angagwe mawa ngakhale lero akulankhula. Kashiamu wotsika, pamodzi ndi zizindikiro zina za m'magazi ndi muyeso wa okosijeni, amthandiza kuti asabweze kunyumba munthu woyenera kugonekedwa, ndi kuti atumize msanga kuchipatala chachikulu amene afunika kutero. Wakutsina khutu ndi mnansi.

6. Zimene maso angaone

Kashiamu wa m'magazi sayezedwa ndi maso, ndipo zipatala zing'onozing'ono zambiri za m'midzi zilibe makina ake. Komabe akatsika kwambiri thupi lilankhula. Wodwala amva dzanzi kapena kunyerenyetsa kuzungulira milomo ndi kunsonga za zala. Minofu ya m'miyendo ndi ya kumsana ikokana mopweteka. Dzanja lipindika lokha, zala zitasonkhana pamodzi ngati za munthu wotsina mchere. Mawu asasa, kapena mpweya ulira pokoka. Nkhalamba isokonezeka mutu, niyamba kulankhula zosamveka.

Madotolo ali ndi njira ziwiri zakale zoyesera popanda makina. Ina idatchedwa dzina la Armand Trousseau wa ku Paris: afufumitsa lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pamkono kwa mphindi zitatu, ndipo ngati kashiamu ali wochepa dzanja lipindika monga tanenera. Inayo ndi ya Chvostek wa ku Vienna: agogoda pang'ono patsaya kutsogolo kwa khutu, naona ngati mlomo unjenjemera. Wodwazika amene waona dzanzi kapena kukokana auze namwino msanga, asachite manyazi, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Anenenso ngati wodwalayo adachitidwapo opaleshoni ya pakhosi, ngati ali ndi nthenda ya impso, kapena ngati watsekula m'mimba masiku ambiri.

Koma banja lisayembekeze zizindikiro zimenezi, chifukwa odwala ambiri a kashiamu wotsika alibe nchimodzi chomwe. Chizindikiro chimene aliyense angawerenge ndi kupuma. Wina agwire wotchi kapena foni, awerenge kupuma kwa wodwala mphindi imodzi yathunthu. Munthu wamkulu wopuma koposa ka 30 ali pangozi. Khanda losakwana miyezi 2 lopuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi 2 kufikira 11 wopuma ka 50, mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka 5 wopuma ka 40, onsewa apuma mofulumira. Mwana amene chifuwa chake chilowa m'kati pokoka mpweya, amene akana bere, amene akomoka, anyamulidwe nthawi yomweyo. Kuchipatala kuli kachida komana pachala koyeza okosijeni; nambala yake ikatsika pansi pa 90, munthuyo asowa mpweya ngakhale iye mwini anene kuti ali bwino.

7. Nkhokwe idzazidwa dzinja lisanafike

Ngati mapiritsi a tsiku la matenda sachiritsa chibayo, kodi chakudya chilibe ntchito? Chili nayo ndithu, koma ntchito yake ichitika zaka zambiri matenda asanabwere. Munthu wamkulu asowa kashiamu wokwana ngati mamiligalamu 1,000 patsiku. Chimanga chili naye wochepetsetsa: magalamu 100 a chimanga sapereka ngakhale mamiligalamu 20. Munthu angakhute nsima mpaka kulephera kuwerama, mafupa ake ali ndi njala. Kafukufuku wa Edward Joy ndi anzake, wofalitsidwa mu 2015, adayerekeza kuti pafupifupi theka la mabanja a m'Malawi salandira kashiamu wokwanira m'zakudya zawo, ndipo adaonetsa kuti nsomba zing'onozing'ono ndizo gwero lalikulu la amene alipoyo.

Apa anthu a kunyanja ali odala, akadadziwa. Chambo ndi kampango ndi nsomba zaulemu, koma wodya achotsa minga nataya, ndipo kashiamu apita kwa galu ndi mphaka. Usipa, bonya, utaka waung'ono, kambuzi wa ku Malombe ndi matemba zidyedwa zathunthu, mutu ndi minga yomwe, ndipo nsomba zouma zotere, poziyeza kulemera kofanana, ziposa mkaka kutalitali. Ndiwo imene ena ainyoza kuti ndi ya amphawi ndiyo imanga mafupa. Chomvetsa chisoni nchakuti pathandala za ku Chembe, ku Malembo ndi ku Malindi usipa uyanikidwa wambiri, nupakidwa m'matumba kupita ku Limbe ndi ku Lilongwe, pamene m'nyumba zina za pafupi pomwepo ana adyera nsima ndi mchere. Kugulitsa si kulakwa, pakuti banja lisowa sopo ndi fizi. Koma mbale imodzi itsale pakhomo, ndipo ya ana aang'ono isinjidwe nkuthiridwa m'phala.

Kumtunda nakonso kuli chuma. Mawere ali ndi kashiamu woposa mamiligalamu 300 pa magalamu 100, kusiyana kutali ndi chimanga. Ufa wa malambe, amene mitengo yake yaima paliponse kuyambira ku Mpondasi mpaka ku Monkey Bay, uli nayenso wambiri. Masamba a chamwamba, bonongwe, chigwada, nkhwani ndi khwanya athandiza, ngakhale thupi silitenga yense wa m'masamba ena monga litengera wa m'nsomba ndi mkaka. Chitowe ndi soya ziwonjezapo. Dothi la pachulu, choko ndi laimu si chakudya ayi. Laimu aotcha kukhosi, ndipo dothi libweretsa njoka za m'mimba.

Za ana zifunika mawu apadera. Mwana wosowa kashiamu kapena vitamini D adwala matewe: mafupa ake afewa, miyendo ipindika. Nthiti nazonso zifewa, motero chifuwa chake sichikoka mpweya mwamphamvu ndipo akanika kutsokomola makhololo. Ku Addis Ababa, m'dziko la Ethiopia, kafukufuku wofalitsidwa mu 1997 adapeza matewe ochuluka ka 13 mwa ana odwala chibayo poyerekeza ndi ana ena. Ku Jos, m'dziko la Nigeria, madotolo adaonetsa mu 1999 kuti matewe a ana a kumeneko, dziko la dzuwa lambiri, ankachokera ku kusowa kashiamu m'chakudya, ndipo ankachira powapatsa kashiamuyo. Mayi wothira usipa wosinja m'phala la mwana wake alimbitsa miyendo ndi chifuwa chomwe.

8. Zoti banja lisunge

Pa masiku a mtendere, pakhomo pasasowe nsomba zodyedwa ndi minga yomwe, masamba, ndi phala la mawere kapena la malambe. Agogo ndi odwala atulutsidwe kukaothera dzuwa la m'mawa. Ana alandire akatemera awo onse, pamodzi ndi wa chibayo amene adayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011, pakuti kachilombo ka chimfine kakatsekula khomo, tizilombo tina tilowa pambuyo pake. Amene amwa mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV asadumphitse.

Pa masiku a matenda, wodwala amwe madzi ndi phala pang'onopang'ono ngakhale alibe chilakolako, agone m'chipinda cholowa mphepo, ndipo kupuma kwake kuwerengedwe m'mawa ndi madzulo. Mu 2021 ambiri adataya masiku akudzifunditsa bulangete pamwamba pa mphika wa masamba a bulugamu, akumwa mandimu ndi jinja, nafika kuchipatala mapapo atatha. Zotere zingafewetse pakhosi, koma sizibwezera okosijeni m'magazi. Mapiritsi a kashiamu ogula popanda uphungu nawonso sathandiza chibayo. Ochuluka adzimbitsa, ndipo angathe kubala timiyala mu impso.

Ulendo wochokera ku Makanjira, ku Namwera kapena ku Nankumba kufika pachipatala cha boma ku Mangochi ndi wautali, ndipo wobanika sauyenda bwino panjinga usiku. Banja lipangane za galimoto ndi ndalama yake pamene wodwala akadatha kukhala tsonga, liyambire pachipatala cha pafupi, monga cha ku Monkey Bay kapena cha St Martin's ku Malindi, kumene angayeze okosijeni ndi kulemba kalata yotumiza. Ndipo dotolo akanena kuti magazi aonetsa kashiamu wotsika, wodwalayo agonekedwe, abale asaumirire kumtenga poti akuyenda yekha ndi kuseka. Dotoloyo waona mtambo umene iwo sangauone.

Mafunso okambirana m'mabanja ndi m'miphakati

1. Kodi kashiamu wambiri wa m'thupi akhala kuti, ndipo wochepa wa m'magaziyo agwira ntchito zanji?

2. Chifukwa ninji munthu wodya moperewera angakhale ndi magazi ooneka abwino zaka zambiri?

3. Kodi kashiamu wotsika mwa wodwala chibayo ndi mthenga liti, ndipo ndi ngozi payekha liti?

4. Mwana wa miyezi 8 akupuma ka 56 pa mphindi imodzi. Makolo ake achitenji?

5. Ndi zakudya ziti za m'mudzi muno zimene zidzaza nkhokwe ya mafupa, ndipo ndani pabanja amene azilandira zochepa?

6. Munthu atabanika usiku m'mudzi muno, galimoto ingapezeke kwa yani, ndipo ndalama yake isungidwa kuti?